Kodi mumadziwa? Nyimbo za osiyidwa, kuchokera ku Seoul mpaka ku Chinsapo

Achinyamata ena a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 amazidziwa nyimbo za ku South Korea chifukwa cha magule othamanga ndi zovala zonyezimira. Koma dziko lomweli lili ndi nyimbo zina zofatsa, za munthu amene anzake apita iye n'kutsala. Nyimbo zotere si zachilendo kwathu kuno. Agogo athu ankaziimba pamtondo, makolo athu ankazimvera pa wailesi, ndipo lero zikulira m'mafoni m'makwalala a Lilongwe. Nazi mfundo zake.

KU KOREA

Kodi mumadziwa kuti pulogalamu ina ya pa kanema, imene inakonzedwa kuti ikhale ya usiku umodzi, inatha masiku 138? Pa 30 Juni 1983 kanema wa KBS anaitana anthu amene anasiyana ndi abale awo pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Aliyense ankaima kutsogolo kwa kamera atanyamula chikwangwani. Pachikwangwanipo ankalembapo dzina la m'bale wotayikayo, mudzi wa kwawo, ndi chilichonse chimene akukumbukira, kaya chipsera, kaya malo amene anaonana komaliza. Anthu anakhamukirako moti mapulogalamu ena anayamba aima. Makoma a nyumba ya kanemayo mu Seoul anakutidwa ndi mapepala a mayina. Pofika pa 14 Novembala, mabanja oposa 10,000 anali atapezana.

Kodi mumadziwa kuti pulogalamu imeneyi ndi imene inatchukitsa woimba Seol Woon-do? Nyimbo yake yodandaula zaka 30 zimene mabanjawa anataya inkaseweredwa mobwerezabwereza pamene achikulire ankakumbatirana akulira pamaso pa dziko lonse. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika zojambula za pulogalamuyi m'kaundula wa zinthu zimene dziko lapansi siliyenera kuiwala.

Nanga mumadziwa kuti amene abale awo anatsalira ku North Korea sanapeze mwayi umenewu? Pakati pa mayiko awiriwa munthu wamba satumiza kalata kapena kuimba foni. Maboma analola kukumana koyamba mu 1985, ndipo mu Ogasiti 2018 magulu ena a nkhalamba anakumana ku phiri la Kumgang. Ankacheza masiku atatu okha, kenako aliyense n'kukwera basi yobwerera mbali yake.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo ya makolo imene Akoreya onse amaidziwa, Arirang, ndi dandaulo la munthu amene wokondedwa wake akumusiya n'kuwoloka phiri? Osewera a North Korea ndi a South Korea atalowera limodzi m'bwalo pa mpikisano wa Olympics ku Sydney mu 2000, nyimbo imene inawaperekeza ndi imeneyi. UNESCO inailemba m'kaundula wa chikhalidwe mu 2012. Gule Wamkulu ndi Vimbuza anali atalowa kale m'kaundula yemweyo mu 2008.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo ya gulu la BTS imene yakhalitsa kwambiri pa mndandanda wa nyimbo zomveredwa kwawo si yovina? Ndi Spring Day, ya mu Febuluwale 2017, yonena za kupukwa mnzako amene sulinso naye. Akoreya ambiri akaimva amakumbukira sitima ya Sewol imene inamira pa 16 Epulo 2014 ikupita ku chilumba cha Jeju. Anthu 304 anafa, ndipo 250 mwa iwo anali ana a sukulu imodzi ya sekondale ya mumzinda wa Ansan. Anzawo amene anapulumuka anabwerera m'makalasi a madesiki opanda eni.

Kodi mumadziwa kuti mwamuna aliyense wathanzi ku South Korea amayenera kukagwira ntchito ya usilikali kwa miyezi yosachepera 18? Ngakhale Jin wa BTS anapita mu Disembala 2022. N'chifukwa chake nyimbo zotsanzikana pa siteshoni zilipo zambiri. Kim Kwang-seok, woimba wa gitala amene anamwalira mu 1996 ali ndi zaka 31, anaimba ya mnyamata amene akutsanzika makolo popita ku usilikali, ndiponso ina ya munthu amene akufika zaka 30 n'kuona kuti unyamata ukumuthawa. Mumzinda wa Daegu muli msewu wa zithunzi zake zokhazokha.

Kodi mumadziwa kuti ku Korea kulinso wailesi yotchedwa MBC? Kuyambira 2014 mpaka 2017 woimba Jonghyun wa gulu la SHINee ankayendetsa pulogalamu ya pakati pa usiku pa wailesi imeneyi, n'kumawerenga mauthenga a anthu amene tulo tawathawa. Mu Epulo 2017 anatulutsa nyimbo yotchedwa Lonely. Mu Disembala chaka chomwecho anamwalira ali ndi zaka 27, atavutika nthawi yaitali ndi matenda a kukhumudwa. Anali ndi omutsatira miyandamiyanda, ndipo anatonthoza ambiri, koma naye ankafunika womumvetsera.

Kodi mumadziwa kuti nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ku South Korea mumakhala munthu mmodzi yekha? M'mizinda muli timanyumba ta karaoke tokwana munthu mmodzi kapena awiri: waponya ndalama yachitsulo, watseka chitseko, waimba wekha. Boma lakumeneko limawerenganso anthu amene amafa okha mtembo n'kupezeka patapita masiku. Mu 2023 anakwana 3,661, ambiri mwa iwo amuna a zaka za m'ma 50 ndi 60. Mu 2024 mzinda wa Seoul unalengeza ndondomeko yothana ndi kusungulumwa, kuphatikizapo nambala ya foni yoyankha usana ndi usiku.

Kodi mumadziwa kuti tsiku la mayeso olowera ku yunivesite, mwezi wa Novembala, ndege ku South Korea sizinyamuka kapena kutera kwa mphindi pafupifupi 35 kuti ana amve bwino mayeso a Chingerezi a pa sipika? Mayeso olemekezedwa chotero amasiya ambiri akudziona ngati otsalira. Aliyense amene anakhoza MSCE, dzina lake osaoneka pa mndandanda wa opita ku yunivesite za boma, anzake n'kunyamuka kupita ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, akudziwa kuwawa kwake.

KWATHU KUNO

Kodi mumadziwa kuti Akoreya nawo anali ndi Wenela wawo? Pakati pa 1963 ndi 1977 amuna pafupifupi 8,000 anapita kukakumba malasha ku West Germany, ndipo anamwino oposa 10,000 anapitanso kukagwira ntchito m'zipatala zakumeneko. Pa nthawi yomweyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mbali zonse ziwiri, ndalama zinkabwera kumudzi koma munthu wake osaoneka.

Kodi mumadziwa kuti pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti? Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi pompopompo. Ntchitoyi inadzayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, amene anthu ankangoti Theba, kenako inaima mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Ena mwa madoda amene anagwira ntchitoyi akalamba akulondolabe ndalama zawo.

Kodi mumadziwa kuti mbiri ya akazi otsala inasungidwa m'nyimbo osati m'mabuku? Pamtondo ndi pamene mayi ankatha kunena poyera zimene sakanazinena pabwalo: mwamuna amene watchona, kalata yosabwera, msonkho, apongozi ovuta. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri za m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Akatswiri a mbiri Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la mu 1991, anasonyeza kuti nyimbo zambiri za Vimbuza kumpoto zinali madandaulo a akazi amene amuna awo anapita kukagwira ntchito kutali.

Kodi mumadziwa kuti chimbale cha Allan Namoko chimene chinatulutsidwa kunja mu 1992 dzina lake ndi Ana Osiidwa? Namoko, wa ku Thyolo, anali wosaona. Ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, pogwiritsa ntchito zida zopanga okha. Anamwalira mu 1995, m'zaka zimene Edzi inkasandutsa ana ambiri amasiye ndipo agogo ankayambiranso kulera.

Kodi mumadziwa kuti ana a matchona anathandiza kumanga nyimbo za sungura ku Zimbabwe? Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso anakulira m'mafamu a kumeneko, m'mabanja a anthu ochokera kunja, ndipo onse aimbako m'Chichewa. Daniel ndi Donald Kachamba nawo anakhalako ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ali ana, asanabwerere ku Chileka ndi kwela yawo. Wopita ndi wotsala onse ankapukwa, ndipo onse ankaimba.

Kodi mumadziwa kuti chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphoto za Grammy chinajambulidwa m'ndende? Mu 2013 Ian Brennan ndi Marilena Delli anajambula akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, amuna ndi akazi. Chimbalecho, I Have No Everything Here, chinasankhidwa kupikisana pa mwambo wa mu 2016. Nyimbo zake zambiri ndi zazifupi, zina zopanda chida chilichonse.

Kodi mumadziwa kuti mayina a zimbale za Black Missionaries ndi chipilala cha munthu mmodzi? Evison Matafale anatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, n'kumwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Otsalawo sanasinthe dzina. Anapitiriza ndi Kuimba 3, Kuimba 4, mpaka manambala anapitirira 10, ngakhale Musamude Fumulani nayenso atawasiya mu 2007. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale.

Kodi mumadziwa kuti Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930 ku Chiradzulu, anakhala zaka zambiri akuimba za loto lake lopita ku America asanakafikeko mu 2016? Pamene Patience Namadingo anakhala naye pansi n'kuimba naye limodzi mu 2020, nyimbo yake ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok dziko lonse, iye ali ndi zaka zoposa 90. Chinachotsa mkuluyu pakona ndi wachinyamata mmodzi amene anaganiza zomuyendera.

MU LILONGWE MUNO

Kodi mumadziwa kuti mu 1966 Lilongwe inali ndi anthu osakwana 20,000? Likulu la dziko linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Ndiye kuti mabanja ambiri a ku Area 23, ku Mgona ndi ku Chinsapo ali ndi kwawo kwina: ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mzimba, ku Mulanje. Aliyense anasiya wina kumudzi, ndipo ambiri anafika m'tauni muno opanda malume kapena azakhali pafupi.

Kodi mumadziwa kuti munthu amasungulumwa ngakhale pa poloti yodzaza? Pitani madzulo pa nyumba za lendi ku Chinsapo. Zitseko zandandalikana, mbaula zili pakhonde, ana akuthamangitsana pakati pa zingwe zoyanikira zovala, zigubu zili pamzere kudikira kupita kukiyosiki. Khoma n'lopyapyala moti woyandikana naye amadziwa ndiwo zimene mwaphika ndiponso nthawi imene mwatsokomola. Koma pachitseko chakumapeto pali mnyamata amene amalawirira ku ganyu ku Kanengo kusanache, n'kubwera kutada. Dzina lake lenileni amalidziwa ndi alandilodi okha, chifukwa lili m'kope la lendi. Akalowa amakoka katani, n'kuika timawaya m'makutu. Akadwala masiku awiri, woyamba kugogoda amakhala wodzafunsa ndalama.

Kodi mumadziwa kuti ulendo wa ku Joni sunathe ndi Theba? Basi ikamanyamuka mu Lilongwe imadutsa pachipata cha Dedza, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge mpaka Johannesburg. Pokwerera pamakhala matumba a mpunga wa Kilombero, usipa wouma ndi ufa, ndi mayi wobereka mwana amene akubwereza malangizo omwe wanena kale kunyumba. Basi ikapita, iye amakwera minibasi kubwerera ku Area 25 yekha. Kuyambira tsiku limenelo ukwati wake uli m'foni: uthenga wa Mukuru pakutha pa mwezi, mawu ojambula pa WhatsApp bandulo ikakhalapo. Mwezi umene foni yangoti zii, sadziwa ngati bamboyo wagwidwa n'kutsekeredwa ku Lindela, wadwala, kapena wapeza banja lina.

Kodi mumadziwa kuti achinyamata a ku Malawi analonjezedwapo ntchito za ku South Korea? Mu 2013 boma linalengeza zoti litumiza achinyamata ambiri kumeneko, koma akuluakulu a ku Seoul anati panalibe mgwirizano wotero. Patatha zaka 10, mu Novembala 2023, achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Mndandanda uliwonse wa opita umabala mndandanda wina wautali, wa amene anadula pasipoti n'kutsala.

Kodi mumadziwa kuti Akoreya ena anachita ulendo wosiyana ndi umenewu, kusiya kwawo n'kudzakhala kuno? Chipatala cha Daeyang Luke, kumpoto kwa mzinda kufupi ndi Kanengo, chinatsegulidwa mu 2008 ndi thandizo lochokera ku South Korea. Namwino Baek Young-sim, amene anathandiza kuchiyambitsa, watha zaka zambiri za moyo wake akutumikira odwala m'Malawi, kutali ndi abale ake.

Kodi mumadziwa kuti gulu la Madalitso Band linayambira m'misewu ya Lilongwe? Yobu Maligwa ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, Yosefe Kalekeni ndi gitala komanso ng'oma yoponda ndi chidendene, anakhala zaka akuyenda wapansi kuchokera ku Mtandire kukaimba m'tauni, anthu ambiri akungowadutsa. Mu 2017 anakaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyenda m'mayiko a ku Ulaya. Zaka zovutazo anapirira chifukwa anali awiri.

ZIMENE AKATSWIRI APEZA

Kodi mumadziwa kuti kusungulumwa si vuto la mayiko olemera okha? Lipoti la bungwe la WHO la mu Juni 2025 linati munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi ndi wosungulumwa. M'mayiko osauka ndi anthu 24 mwa 100 alionse, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi m'mayiko olemera, ndipo achinyamata ndi amene akukhudzidwa kwambiri. Mmodzi mwa atsogoleri awiri a komiti imene inalemba lipotili ndi Chido Mpemba wa ku Zimbabwe. Kwathu kuno, kumene theka la anthu sanakwanitse zaka 18, nkhaniyi ndi yathu.

Kodi mumadziwa kuti mayiko ena anasankha nduna yoona za kusungulumwa? Britain anachita zimenezi mu 2018, Japan mu 2021. Madokotala apeza kuti kukhala wekha nthawi yaitali kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko ndi kukhumudwa.

Kodi mumadziwa chifukwa chake munthu wachisoni amasankhanso nyimbo yachisoni? Mu 2014 Liila Taruffi ndi Stefan Koelsch a ku Berlin anafunsa anthu 772. Anapeza kuti anthu amathamangira nyimbo zotere makamaka akakhala pamavuto kapena akasungulumwa, ndipo chimene amamva kwambiri si chisoni koma kukumbukira zakale ndi kutonthozedwa. Womvera amazindikira kuti wina anadutsamo kale m'zimene iye akudutsamo. N'chifukwa chake mtsikana wa ku Biwi angalire ndi nyimbo ya Chikoreya asakumva liwu ndi limodzi lomwe.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala ena a nkhawa ndi benchi ndi agogo? Mu 2006 dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo ndi kuwathandiza kupeza okha poyambira, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsadi kukhumudwa, ndipo yayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe muno. Amene maganizo amulemera angapezenso thandizo ku Bwaila, ku St John of God mu Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapena poyamba ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lake.

Kodi mumadziwa kuti luso lothana ndi kusungulumwa tili nalo kale, kungoti timalisungira maliro? Pakagwa zovuta ku Kawale kapena ku Mgona, palibe amene amadikira kuitanidwa. Amayi amagona m'nyumba ndi ofedwa, abambo amachezera pamoto panja, kwaya imaimba mpaka mbandakucha. Koma tikaika maliro timabalalika, ndipo mwezi wotsatira namfedwa amadya yekha. Amoyo amene akuvutika mwakachetechete, monga wolephera mayeso, wochotsedwa ntchito, mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni ndi nkhalamba imene ana ake ali kunja, sitiwachitira n'komwe zimenezi.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Nyimbo yachisoni, kaya ya Namoko kaya ya BTS, imamugwira munthu kuti afike mawa, ndipo imeneyo ndi ntchito yaikulu. Koma singamufunse ngati wadya, singamuperekeze kuchipatala, singamulembetse ku banki m'khonde, ku kwaya, ku mphakati kapena ku timu ya mpira ya m'dera. Zimenezo ndi zathu. Mnzanu akamaika nyimbo zodandaula pa sitetasi sabata yathunthu, musangodina kamtima n'kupitirira. Muimbireni foni. Ngati sakuyankha, pitani mukagogode, ndipo mukapeze nthawi yokhala pansi n'kumumvetsera mpaka amalize.